Mwana wanga akuti kusindikiza mfuti pa makina a 3D si mlandu: kodi malamulo akuti chiyani?

Funso: Mayi wina wokhala ku England walemba kuti: "Mwana wanga wa zaka 17 ali ndi makina osindikizira zinthu a 3D omwe tinamugulira kuti azichitira ntchito za kusukulu. Tsiku lina ndinaona pa kompyuta yake zithunzi za zidutswa za mfuti. Nditamufunsa anati ndi mafayilo chabe, anangofuna kuona, ndipo ku America anthu amasindikiza mfuti popanda kumangidwa. Kodi akunena zoona? Nanga boma lingaletse bwanji chinthu choti munthu akupangira kuchipinda kwake?"

Yankho: Mayi, pa za ku America mnyamata wanu sananame kwenikweni. Vuto ndi loti iye sagona ku America. Amagona ku England, ndipo kumeneko munthu akangosindikiza chidutswa chimodzi chofunikira cha mfuti, ngakhale mfutiyo asanaimalize, wapalamula kale mlandu womwe makhothi sausekerera. Ndiyamba ndi za kwanuko poti ndi zomwe zikukusowetsani tulo, kenako tipite komwe mwanayo anatola nkhani yakeyi.

Lamulo lalikulu la mfuti ku England, Wales ndi Scotland ndi Firearms Act ya 1968. Linalembedwa makina a 3D, omwe amaumba zinthu zogwirika ndi pulasitiki potsatira pulani ya pa kompyuta, kulibe, komabe limawagwira bwinobwino, chifukwa silifunsa ngati mfuti ndi yachitsulo, yamtengo kapena yapulasitiki, silifunsanso ngati yachokera ku fakitale kapena kuchipinda kwa mwana wasukulu. Limangoona ngati chinthucho chili ndi mpope, ndiponso ngati chingatulutse chipolopolo ndi mphamvu yoposa joule imodzi. Mphamvu imeneyi ndi yochepa zedi. Mfuti yapulasitiki yoti ingaombe kamodzi kokha n'kusweka yaupitirira kale muyezo umenewu kutalitali. Pamene lamuloli linakonzedwanso mu 2017, aphungu analemba momveka kuti mawu oti mfuti akuphatikizapo zidutswa zake zikuluzikulu: mpope, malo olowa chipolopolo, chimango chomwe zida zina zonse zimamangiriridwapo, ndi chotsekera kumbuyo chomwe chimagwira mphamvu ya onga ukaphulika. Pa makina ngati a mwana wanuyo, chomwe anthu amathamangira kusindikiza ndi chimangocho. Kwa apolisi ndi kukhothi, chimango chokhacho chili pa tebulo ndi mfuti.

Komanso si mfuti wamba. Mu Marichi 1996 munthu wina analowa pa sukulu ya pulayimale ku Dunblane, ku Scotland, n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo inaletsa pafupifupi mfuti zonse za m'manja. Mfuti ya mpope wosakwana masentimita 30, kapena yomwe yonse siikwana masentimita 60, ili m'gulu la zida zoletsedwa pansi pa gawo 5 la lamuloli, ndipo laisensi ya kupolisi siikwanira, pamafunika chilolezo chapadera cha nduna. Mafayilo ambiri omwe achinyamata amagawana pa intaneti ndi a mfuti za m'gulu limeneli. Munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo akapezeka nayo, jaji amakakamizika kumupatsa zaka zosachepera 5, pokhapokha patakhala zifukwa zapadera kwambiri. Wa zaka 16 kapena 17 ndi zaka zosachepera 3. Kupanga chida choletsedwa ndiye kuyambira 2014 chilango chake chikhoza kufika pokhala m'ndende moyo wonse.

Mawu oti "ndimangofuna kuona" anayesedwapo kale kukhothi. Munthu woyamba kupezeka wolakwa pa mlandu wosindikiza mfuti ku Britain anali wophunzira wa pa yunivesite ina ku London. Apolisi anapita kunyumba kwake mu 2017 pofufuza za chamba, n'kupeza zidutswa za mfuti zosindikizidwa. Iye anati zinali za filimu yomwe ankajambula ya kusukulu. Atatsegula kompyuta yake anapeza kuti ankaonera mavidiyo a kapangidwe ka mfuti zotha kuomba zipolopolo zenizeni. Anavomera mlandu mu Juni 2019, ndipo anamulamula kukakhala m'ndende zaka 3. Onani kuti chomwe chinamugwetsa si pulasitiki yokha ayi, ndi mbiri ya zomwe ankasaka pa intaneti. Apolisi nawo amaphonya nthawi zina. Mu Okutobala 2013 a ku Manchester analengeza kuti agwira zidutswa za mfuti yosindikizidwa, koma pasanathe tsiku anthu odziwa makinawa anaonetsa kuti zinali zida zokonzera printa yomweyo. Kuyambira nthawi imeneyo aphunzira, ndipo sindingalangize munthu kuyembekezera mwayi wotero.

Mwina mwanayo anganene kuti akufuna chidole chabe chosaomba. Pamenepanso pali mpanda. Lamulo la 2006, Violent Crime Reduction Act, limaletsa kupanga chinthu chofanana kwambiri ndi mfuti yeniyeni moti munthu wamba sangasiyanitse. Pali mwayi kwa opanga mafilimu, a zisudzo, a nyumba zosungira zinthu zakale ndi ena ochepa, koma mnyamata wongosewera kuchipinda sali m'gulumo.

Tsono fayilo yokhayo, yosasindikizidwa? Apa ndi pomwe malamulo a ku Britain anakhala ofooka kwa zaka zambiri. Firearms Act imanena za zinthu zogwirika, siinena za mafayilo. Oimira boma pamilandu ankadalira gawo 58 la Terrorism Act ya 2000, lomwe limaletsa kusunga chidziwitso chothandiza munthu wokonza zauchifwamba popanda chifukwa chomveka, ndipo achinyamata angapo omwe anapezeka ndi malangizo a mfuti zosindikiza pamodzi ndi zolemba za magulu odana ndi mitundu ina anamangidwa ndi gawo limeneli. Mu 2025 boma linaika m'bilu ya Border Security, Asylum and Immigration ndime yapadera yotchula mafayilo osindikizira mfuti pamodzi ndi makina oumbira mapiritsi ndi malo obisika omwe ozembetsa katundu amakonza m'galimoto. Ndimeyo ikuti kupezeka ndi zinthu zimenezi m'njira yopatsa chikayiko choti zikagwira ntchito pa mlandu waukulu ndi mlandu pawokha, wa zaka zofika 5, ndipo zili kwa wogwidwayo kuonetsa kuti sankafuna zimenezo. Mpata womwe mwana wanu akudalirawo ndi womwe boma lakhala likuutseka.

Choncho chitani izi. Khalani naye pansi mumufunse funso limodzi mosamuopseza: kodi wasindikizapo kalikonse? Ngati ndi mafayilo okha, ndipo palibe wapolisi kapena mphunzitsi yemwe wayamba kufunsa, awachotse pa kompyuta, pa foni, pa kakhadi komwe amalowetsa mu printa ndi kulikonse komwe amasunga zinthu pa intaneti, atulukenso m'magulu omwe amagawana zimenezi. Ngati wasindikizapo chidutswa, musachitaye m'bini, musachiyike m'chikwama n'kuyenda nacho mumsewu kupita kupolisi, ndipo musafufute kanthu. Muyambe mwaonana ndi loya wa milandu yaupandu, iye ndiye akonze njira yochiperekera. Kuwononga umboni kufufuza kutayamba ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo.

Tsopano za ku America, komwe nkhani yonseyi inabadwira. Lamulo la boma lalikulu kumeneko, Gun Control Act, nalonso ndi la 1968, chaka chomwe anaphedwa Martin Luther King ndi Robert Kennedy. Limalamula kuti wochita bizinesi yopanga kapena kugulitsa mfuti akhale ndi laisensi, adinde nambala pa mfuti iliyonse, ndipo asunge kaundula wa ogula. Munthu wodzipangira yake yoti asagulitse, bola asakhale m'gulu la oletsedwa kukhala ndi mfuti, lamuloli silimukhudza. Anthu akhala akutero kuyambira kale ndi tupa ndi makina obowolera, ndipo boma silinkadandaula chifukwa ntchitoyo inkafuna luso ndi nthawi. Muuzeni mwanayo kuti ngakhale kumeneko, lamulo lomweli limaletsa wosakwana zaka 18 kukhala ndi mfuti ya m'manja, kupatula pa zochitika zochepa makolo atavomereza.

Zinthu zinasintha mu Meyi 2013. Cody Wilson, yemwe ankaphunzira zamalamulo ku University of Texas, ndi gulu lake la Defense Distributed, anaombetsa mfuti yomwe anaitcha Liberator. Inali ndi zidutswa 16, ndipo 15 mwa izo zinali zapulasitiki. Chotsalacho unali msomali wamba wogula m'sitolo, womwe unkamenya chipolopolo. M'kati mwake anaikamonso dala chibuma chachitsulo chopanda ntchito ina iliyonse koma kukwaniritsa lamulo. Lamulo lake ndi Undetectable Firearms Act ya 1988, lomwe Ronald Reagan anasaina anthu atachita mantha ndi mfuti za Glock zokhala ndi chimango chapulasitiki. Limati mfuti iliyonse izioneka pa makina ofufuzira zitsulo ngati momwe chingaonekere chitsulo cholemera ma ounce 3.7, omwe ndi magalamu pafupifupi 105. Lamuloli limatha mphamvu pakapita zaka, ndipo lakhala likuwonjezeredwa, komaliza mu 2024 kufikira 2031. Koma taonani kufooka kwake: chibuma cha Wilson chija munthu akhoza kungosiya osachiikamo, mfuti n'kumaombabe.

Wilson anaika mafayilo pa intaneti, ndipo m'masiku awiri anakoperedwa maulendo pafupifupi 100,000. Boma linasowa lamulo la m'dziko loti limugwire nalo. Linatembenukira ku malamulo otumiza zida kunja, otchedwa ITAR, omwe amayendetsedwa ndi unduna wa zakunja, n'kunena kuti kuika pulani ya mfuti pomwe munthu wa ku Iran kapena ku North Korea angaikopere n'chimodzimodzi kutumiza chida kunja popanda chilolezo. Njira imeneyi siinali yatsopano. M'zaka za m'ma 1990 boma lomweli linafufuza Phil Zimmermann, yemwe analemba pulogalamu yobisa mauthenga ya PGP, pogwiritsa ntchito malamulo omwewa, ndipo linamusiya mu 1996 osamuzenga mlandu. Wilson anachotsa mafayilo, koma mu 2015 anakasuma. Chodabwitsa ndi choti mfundo yake yaikulu siinali ufulu wokhala ndi mfuti, unali ufulu wolankhula. Ankati fayilo ndi mawu olembedwa, ndipo boma la America lilibe mphamvu youza nzika kuti iyambe yapempha chilolezo isanasindikize mawu.

Mlanduwo unayenda mokhotakhota. Makhothi anakana kumupatsa chiletso chomwe ankafuna. Mu 2018 boma la Donald Trump linagwirizana naye kunja kwa khothi kuti mafayilo abwerere pa intaneti pa 1 Ogasiti. Maboma a zigawo zingapo anathamangira kukhothi ku Seattle, ndipo pa 31 Julayi, kutatsala maola ochepa, jaji Robert Lasnik anaimitsa mgwirizanowo. Mu 2020 udindo woyang'anira mafayilowa unachoka ku unduna wa zakunja kupita ku unduna wa zamalonda, womwe unalamula kuti kuika poyera pa intaneti fayilo yokonzeka kulowa mu printa kapena m'makina osemera zitsulo kumafuna laisensi. Zaka zonsezi maloya akukangana, mafayilo aja anali akuyenda pa mawebusaiti ena omwe boma la America silingawafikire. Madzi akatayika sawoleka. Nyumba yosungira zaluso ya Victoria and Albert ku London inali itagula kale Liberator mu 2013 n'kuiika poonetsera.

Liberator yeniyeniyo inali mfuti yachabechabe. Apolisi a ku New South Wales, ku Australia, anasindikiza zawo chaka chomwecho kuti ayese, ndipo ina inaphulika pa kuomba. Chomwe chinadzadza m'misewu ya ku America sizinali zimenezi. Zinali mfuti zogula m'zidutswa. Popeza lamulo limatenga chimango ngati mfuti, makampani anayamba kugulitsa chimango chosamaliza, chotsala mabowo angapo ndi malo ochepa oti asemedwe, n'kumati ichi si mfuti, ndi chibuma chabe. Chinalibe nambala, wogula sankafufuzidwa mbiri yake, chinkabwera pa positi. Mu 2014 gulu la Wilson linatulutsa Ghost Gunner, kamakina koyendetsedwa ndi kompyuta kokwana pa tebulo, kosema chimango cha aluminiyamu mpaka kumaliza. Makina otere, a CNC, amasiyana ndi printa chifukwa printa imaunjika pulasitiki pang'onopang'ono pomwe awa amasema chitsulo kuchotsa zosafunika, ndipo chotuluka chake n'cholimba ngati cha ku fakitale. Mashopu ena anayamba kuitana anthu kuti abwere ndi zibuma zawo, adine batani okha, kuti pa lamulo aoneke ngati adzipangira. Bungwe loona za mfuti la ATF linatseka njira imeneyi mu Januwale 2015 ponena kuti mwini shopu wobwereketsa makina ake motero ndi wopanga mfuti, ndipo afunika laisensi.

Mfuti zopanda nambala zomwe apolisi anatumiza ku ATF kuti zifufuzidwe zinali pafupifupi 1,600 mu 2017, koma mu 2021 zinaposa 19,000. Mu 2022 boma la Joe Biden linakhazikitsa lamulo loti phukusi la zidutswa lomwe lingasanduke mfuti mosavuta liziyesedwa mfuti, likhale ndi nambala, ndipo wogula afufuzidwe. Nkhani inafika ku khothi lalikulu la dzikolo. Pomva mlanduwo mu Okutobala 2024, jaji Samuel Alito anafunsa loya wa boma kuti: ndikaika pa tebulo mazira, nyama yoduladula, tsabola ndi anyezi, kodi chimenecho ndi chakudya chophika kale? Jaji Amy Coney Barrett anabweza funsolo mwa njira ina, kuti nanga zinthuzo zikabwera m'bokosi limodzi kuchokera ku kampani yogulitsa chakudya choyezeratu, zonse zili za mphika umodzi? Pa 26 Marichi 2025, pa mlandu wa Bondi v. VanDerStok, majaji 7 anavomereza lamulolo, awiri, Alito ndi Clarence Thomas, anakana. Neil Gorsuch, yemwe analemba chigamulo, anatchula phukusi la kampani ya Polymer80 lomwe woyesa wina analimaliza m'mphindi 21 zokha.

Chigamulochi chimakhudza ogulitsa. Munthu wogula mkombero wa pulasitiki n'kudzisindikizira chimango kunyumba sichimufika, ndipo apa ndi pomwe mwana wanu akunena zoona. Koma America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake. Mzinda wa Philadelphia unaletsa mfuti zosindikiza mu 2013. New Jersey mu 2018 inaletsa kugawira mafayilowa kwa munthu wopanda laisensi yopangira mfuti. California imafuna kuti wodzipangira ayambe wapempha nambala ku boma, ndipo inaletsa anthu opanda laisensi kugwiritsa ntchito printa kapena makina a CNC popanga mfuti. Kachidutswa kakang'ono komwe ena amasindikiza kuti pistol, mfuti ya m'manja, iziomba mosalekeza, lamulo la dziko lonse limakatenga ngati mfuti ya chiwaya pakokha, ndipo kupezeka nako ndi zaka zofika 10. Zomwe zili zololedwa ku Texas zikhoza kumangitsa munthu ku New York.

Ku Ulaya malamulo anamangidwa mosiyana. M'malo moyang'ana chimango chokha, malamulo a European Union, omwe anakhwimitsidwa mu 2017 pambuyo pa ziwembu za ku Paris za 2015, amayang'anira zidutswa zonse zonyamula mphamvu ya kuphulika, makamaka mpope. Nzeru yake inali yoti ungasindikize pulasitiki yochuluka bwanji, mpope wachitsulo ukaugula kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo iye akufunsa chiphaso. Yemwe anaukira sunagoge ku Halle, ku Germany, pa 9 Okutobala 2019 anali ndi mfuti zodzipangira zokhala ndi zidutswa zina zosindikiza. Anapha anthu awiri, koma mfuti zakezo zinkakanirira pafupipafupi, ndipo ambiri anati izi zikuonetsa kuti mpanda wa ku Ulaya ukugwira. Patangopita miyezi isanu, mu Marichi 2020, munthu wina wa ku Germany komweko wodzitcha JStark1809 anatulutsa pulani ya FGC-9, mfuti yomwe anaikonza dala kuti pasakhale chidutswa ngakhale chimodzi chofuna chiphaso ku Ulaya. Zitsulo zake ndi zogula m'sitolo wamba. Mfuti imeneyi yapezeka m'manja mwa zigawenga m'mayiko angapo a ku Ulaya, komanso mwa achinyamata omwe anayamba kumenyana ndi asilikali a ku Myanmar atalanda boma mu Febuluwale 2021. Wopanga pulani anawerenga lamulo n'kulizungulira, ndipo aphungu anatsala m'mbuyo.

N'chifukwa chake mayiko ambiri tsopano akulondola fayilo. New South Wales inayamba mu 2015: kusunga pulani ya pa kompyuta yopangira mfuti pa printa kapena pa makina osemera ndi mlandu wa zaka zofika 14. Singapore inachita zofanana m'lamulo lake la 2021. Japan, komwe mu 2014 wogwira ntchito pa koleji ina wa ku Kawasaki anamangidwa zaka 2 chifukwa cha mfuti zosindikiza atadzijambula yekha vidiyo, inawonjezera mu 2024 chilango kwa olimbikitsa poyera anthu kukhala ndi mfuti, kuphatikizapo pa intaneti. Izi zinadza Shinzo Abe ataphedwa ku Nara mu Julayi 2022 ndi mfuti yodzipangira ya mapaipi. Canada, m'lamulo la C-21 la Disembala 2023, inasankha njira ina: kusunga fayilo ndi mlandu ngati cholinga chili chopanga kapena kugulitsa mfuti mosaloledwa, ndipo kugawa ndi mlandu ngati ukudziwa kuti ikagwira ntchito imeneyo.

Ine ndimaona kuti a ku Canada anaganiza bwino kuposa a ku New South Wales. Lamulo lomanga munthu chifukwa chongosunga fayilo limagwira msanga mwana wachidwi yemwe sadziwa kubisa, pomwe chigawenga chenicheni chimadziwa kufufuta mapazi ake. Limasokonezanso atolankhani, ofufuza zamaphunziro, ndi opanga masewero a pa kompyuta omwe amajambula mfuti tsiku ndi tsiku, moti pamafunika mndandanda wautali wa okhululukidwa. Kufuna umboni wa cholinga kumapatsa apolisi ntchito yambiri, inde, koma umboniwo nthawi zambiri umakhalapo: mauthenga a pa foni, mapaipi ogulidwa, zidutswa zolephereka zomwe zili m'bini. Ubwino weniweni wa malamulo a mafayilo, kwa ine, si kuchotsa mafayilo pa intaneti, poti zimenezo zinakanika kale mu 2013. Ubwino wake ndi woti apolisi amatha kulowererapo mfuti isanamalizidwe, ndiponso makampani akuluakulu a pa intaneti amakakamizika kuchotsa zinthuzi, kuti mwana asamazipeze mwangozi posaka pulani ya chotengera foni. Webusaiti ya Thingiverse inayamba kuchotsa mafayilo a mfuti yokha mu Disembala 2012, ana ataphedwa pa sukulu ya Sandy Hook ku America.

Ganizo lomwe likumveka kwambiri masiku ano ndi loti printa yeniyeniyo izikana. Linakula mkulu wa kampani ya inshuwalansi ya UnitedHealthcare ataomberedwa mumsewu ku New York mu Disembala 2024, apolisi n'kunena kuti woganiziridwayo anamupeza ndi pistol ya chimango chosindikiza. Mu 2025 mkulu woimira boma pamilandu ku Manhattan, Alvin Bragg, analembera kampani ya ku China ya Creality kuipempha kuti iike m'makina ake pulogalamu yozindikira zidutswa za mfuti. Oikira kumbuyo ganizoli amati makina a fotokope amakana kale kukopera ndalama. Koma ndalama ya pepala ndi chithunzi chimodzi chosasintha, chokhala ndi zizindikiro zomwe mabanki anaikamo dala kuti makina azione. Chidutswa cha mfuti munthu akhoza kuchisintha pang'ono, kuchigawa pawiri, kapena kuchitembenuza, ndipo chomwe printa imalandira si chithunzi, ndi mndandanda wa malangizo oti pita uku, tsika apa, tulutsa pulasitiki yochuluka chonchi. Mapulogalamu oyendetsa maprinta ambiri ndi aulere, aliyense akhoza kuwasintha. Makina otsika mtengowa anachokera ku ntchito ya RepRap, yomwe Adrian Bowyer anayambitsa ku University of Bath mu 2005 ndi cholinga choti printa izisindikiza zida zopangira printa inzake. Loko wotere angatchinge mwana wa zaka 14, zomwe si zachabe, koma munthu wotsimikiza mtima amuchotsa madzulo amodzi, ndipo olipira mtengo wake adzakhala masukulu, opanga miyendo ndi manja oikirira, ndi amisiri ang'onoang'ono omwe makina awo azidzakana ntchito zosalakwa.

Pomwe lamulo likadali ndi mano ndi pa zipolopolo. Onga ndi kachidutswa koyatsira moto kumbuyo kwa chipolopolo sizituluka mu printa. Ku Britain kukhala ndi zipolopolo za mfuti zotere popanda chiphaso ndi mlandu, kugula toyatsirato kumafuna chiphaso kuyambira lamulo lija la 2006, ndipo Firearms Act ya 2023 inawonjezera mlandu wosunga zida zopangira zipolopolo ndi cholinga chozipanga mosaloledwa. Canada inalamulanso kuti wogula mpope wa mfuti aonetse laisensi. N'chifukwa chake mfuti zosindikiza zavuta kwambiri ku America, komwe m'zigawo zambiri zipolopolo zimagulidwa pa shelefu, kusiyana ndi ku Britain komwe wosindikiza amafunikabe kukagogoda kwa zigawenga kuti apeze choika m'mfutimo.

Mwina tsiku lina mnyamatayo adzanyamula printa yake kubwera nayo kumudzi ku Malawi pa tchuthi, n'kumaganiza kuti kuno malamulo sanafike pa zimenezi. Mfuti zodzipangira si zachilendo kwathu. Gogodela wakhala akusulidwa ndi mapaipi m'midzi yozungulira nkhalango za Kasungu ndi Nkhotakota kwa zaka zambiri, ndipo oteteza nyama akamugwira munthu naye, khothi silifunsa kuti wasula ndani. Firearms Act ya Malawi ndi ya 1967, ndipo kukhala ndi mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, kaya ndi AK-47 yotsala pa nkhondo ya ku Mozambique yomwe inatha mu 1992, kaya ndi yapulasitiki. Ku South Africa, Firearms Control Act ya 2000 imafuna laisensi yapadera kwa aliyense wopanga mfuti, ndipo imawerengera mpope ndi chimango ngati mfuti. Mayiko a SADC anasainirana pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo ku Blantyre mu Ogasiti 2001, lomwe limawalamula kuti kupanga mfuti mosaloledwa kukhale mlandu m'malamulo awo ndiponso kuti mfuti zizidindidwa nambala popangidwa. Pangano la United Nations la chaka chomwecho limati mfuti yapangidwa mosaloledwa ngati wopangayo alibe laisensi ya boma la dziko lomwe akupangiramo, ngati zidutswa zake ndi zozembetsa, kapena ngati sanaidinde chizindikiro. Mfuti yotuluka mu printa ya kuchipinda imagwa pa mfundo ziwiri mwa zitatuzi.